Nkhope zosowa, mithunzi yothawa: zolakwika za m'zithunzi za 3D zimachokera kuti?

Pa 11 November 2014 kampani ya ku France ya Ubisoft idatulutsa gemu ya pakompyuta yomwe anthu ambiri ankaidikira, ya Assassin's Creed Unity. Nkhani ya m'gemuyo imachitikira mumzinda wa Paris pa nthawi ya chipwirikiti cha ndale chomwe chidayamba m'chaka cha 1789, ndipo akatswiri adatha zaka akumanga misewu, matchalitchi ndi makamu a anthu m'kati mwa kompyuta. Koma patangotha masiku ochepa, chithunzi chomwe chidafala pa intaneti sichidali cha tchalitchi chotchuka cha Notre-Dame. Chidali cha munthu wa m'gemuyo atavala bwinobwino, tsitsi lili m'malo mwake, maso atangoti tong'o, mano ndi nkhama zili pamtunda, koma nkhope palibe.

Vutoli, pamodzi ndi mavuto ena a m'gemuyo, lidachititsa kampaniyo kupepesa poyera ndi kupereka ulere gawo lina lotchedwa Dead Kings, lomwe poyamba idakonza zogulitsa. Mu December 2020 kampani ya ku Poland ya CD Projekt idaona zoposa pamenepo. Gemu yake ya Cyberpunk 2077 idatuluka ndi zolakwika zochuluka pa makina akale a PlayStation 4, mwakuti Sony idaichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti ndi kulonjeza kubweza ndalama kwa ogula. Idabwereramo mu June 2021.

Zithunzi za mtundu umenewu zili paliponse masiku ano: m'magemu a mpira omwe achinyamata amasewera m'matauni, m'makanema a ana, m'zotsatsa malonda pa wailesi ya kanema, ngakhalenso pa zikwangwani zoonetsa nyumba yomwe sinamangidwe. Kuti munthu amvetse chifukwa chomwe zimalakwikira, ayenera kudziwa kuti palibe kamera yomwe idazijambula. Chithunzi chotere ndi yankho la masamu omwe kompyuta yawerengera mwaliwiro, podzera njira zachidule, ndipo cholakwika chilichonse chimasonyeza malo pomwe chidulecho chalephera kubisika.

Mmene chithunzi chimapangidwira

M'kati mwa kompyuta mulibe nkhope, mpira kapena nyumba. Muli mndandanda wa manambala osonyeza malo a timfundo m'litali, m'lifupi ndi m'kuya, ndipo miyeso itatuyi ndiyo idabala dzina loti 3D. Timfundo titatu tikalumikizidwa timapanga kachidutswa kafulati ka ngodya zitatu, kamene ana asukulu amakadziwa kuti thirayango. Mutu wa munthu wa m'gemu ndi zikwizikwi za mathirayango olukana ngati dengu, ndipo m'kati mwake ndi mphako yopanda kanthu. Maso, mano ndi tsitsi zimaumbidwa pazokha n'kuikidwa m'malo mwake. Ichi n'chifukwa chake khungu la nkhope litalephera kujambulika m'gemu ya ku Paris ija, ziwalo zinazo zidatsala zikulendewera m'malere.

Ntchito yotsatira ndi yosandutsa mathirayangowo kukhala chithunzi cha pa sikirini. Sikirini ndi gulu la timadontho totchedwa pixel. Ya mtundu wa Full HD ili ndi timadontho 1,920 chopingasa ndi 1,080 chotsika, tonse pamodzi 2,073,600. Gemu yoyenda bwino imajambula chithunzi chatsopano ka 60 pa sekondi, kutanthauza kuti kompyuta imasankha mtundu wa kadontho maulendo oposa 124 miliyoni pa sekondi iliyonse.

Pa kadontho kalikonse pali mafunso atatu ofunika kuyankha. Mwa zinthu zonse zomwe zili kumbali imeneyo, chili patsogolo n'chiti? Kodi kuwala kukufika pamalopo, kapena pali chotchinga? Nanga ngati kukufika, malowo aoneke owala motani ndiponso a mtundu wanji? Funso lililonse lili ndi njira yake yachidule, ndipo njira iliyonse ili ndi chilema chake.

Pali chinthu chinanso chomwe chimakhudza mafunso onse atatu. Kompyuta simasunga nambala mpaka kumapeto kwake. Imachita ngati wogulitsa m'golosale amene alibe matambala a chenje: totsalira tating'ono amangotisiya. Nthawi zambiri palibe amene amadandaula, koma pamene zinthu ziwiri zasiyana pang'ono kwambiri, totsalirato ndi tomwe timagamula mlandu.

Kulimbirana malo a patsogolo

Funso loyamba lidapeza yankho lake m'chaka cha 1974. Edwin Catmull, yemwe pa nthawiyo ankaphunzira pa University of Utah ku America ndipo pambuyo pake adakhala mmodzi mwa oyambitsa kampani ya makanema ya Pixar, adafotokoza njira yotchedwa z-buffer. M'chaka chomwecho Wolfgang Strasser wa ku Germany adafika pa ganizo lomwelo payekha. Njirayi ndi yosavuta kumva: pa kadontho kalikonse kompyuta imasunga mtunda wa chinthu chomwe chajambulidwapo. Chinthu china chikabwera, imayerekeza mitunda iwiriyo, ndipo chapafupi chimapambana.

Vuto limabuka zinthu ziwiri zikagundana kapena kuyandikana kwambiri, monga pepala lomatidwa pakhoma kapena mzere woyera wa pa bwalo la mpira. Mitunda yake imafanana mpaka kompyuta imalephera kuisiyanitsa. Pa kadontho kena khoma limapambana, pa kena pepala, ndipo kamera ikasuntha pang'ono zigamulozo zimasinthana. Woonera amaona malowo akuphethiraphethira, mitundu iwiri ikulowana ngati mano a sowo. Akatswiri amatcha vutoli z-fighting, kutanthauza ndewu yolimbirana kuya.

Makina ambiri amasunga mtunda pogwiritsa ntchito miyeso 16,777,216. Nambalayi ikuoneka yaikulu, koma miyesoyo sigawidwa mofanana. Yambiri imathera pa zinthu zomwe zili pafupi ndi kamera, ndipo zakutali zimagawana yotsala yochepa. Pa chifukwa chimenechi ndewu ija imakonda kuoneka pa nyumba ndi mapiri a kutali.

Amene adasewerapo PlayStation yoyamba, yomwe idatuluka ku Japan mu December 1994, amakumbukira makoma omwe ankaoneka ngati akupindika ndi pansi pomwe pankagwedezeka. Makinawo adalibe z-buffer konse. Ankangondandalika mathirayango kuyambira akutali mpaka apafupi n'kumawajambula motsatana, ndipo mndandanda ukalakwika, chinthu chakumbuyo chinkatulukira patsogolo. Timfundo tinkalumpha kuchoka pa kadontho kupita pa kena popanda malo a pakati, komanso zithunzi zomatidwa pa makoma sizinkawerengeredwa molingana ndi kuya. Opanga makinawo adasankha zimenezi dala, pofuna kuti akhale otsika mtengo ndi othamanga. Nintendo 64 ya m'chaka cha 1996 idabwera ndi z-buffer, ndipo makoma ake adaima chilili.

Ziphuphu ndi mithunzi yochoka pa mapazi

Funso lachiwiri ndi la mthunzi. Popanda mthunzi munthu wa pa sikirini amaoneka ngati akuyandama, chifukwa diso limadalira mthunzi kuti lidziwe pomwe phazi lagunda pansi. M'chaka cha 1978 Lance Williams wa ku New York Institute of Technology adatulukira njira yomwe magemu ambiri akuigwiritsabe ntchito. Kompyuta imayamba yaima pamalo pa nyali kapena dzuwa ndi kulemba mtunda wa chilichonse chomwe nyaliyo ikuona. Kenaka, pojambula chithunzi chenicheni, imafunsa pa malo aliwonse ngati mtunda wake kuchokera ku nyali ukuposa womwe udalembedwa. Ngati ukuposa, ndiye kuti pali china chatchinga, ndipo malowo ali mumthunzi.

Mapu a mitunda amenewa ali ndi timabokosi towerengeka. Kabokosi kamodzi kamaimira chigawo chonse cha pansi kapena cha khoma ndi nambala imodzi yokha. Ngati malowo apendekeka poyerekeza ndi nyali, theka la chigawocho limakhala patsogolo pa nambalayo ndipo theka lina kumbuyo kwake. Kompyuta imaganiza kuti theka lakumbuyolo latchingidwa, pamene chotchingacho ndi malo omwewo. Mapeto ake khoma loyera limadzala ndi timizere ndi timadontho takuda. Dzina la vutoli m'Chingerezi ndi shadow acne, kutanthauza ziphuphu za mthunzi.

Mankhwala ake ndi kuuza kompyuta kuti isalabadire kusiyana kochepa, ndipo iwerengere mthunzi pokhapokha kusiyanako kwapitirira muyeso wina. Ziphuphu zimatha ndithu. Koma akale adati walira mvula walira matope. Muyesowo ukakula, mthunzi umayamba patali ndi phazi la mwini wake, ndipo pansi pa khoma pamadutsa kuwala ngati khomalo silidagunde pansi. Akatswiri amati chinthucho chachita peter panning, potengera Peter Pan, mnyamata wa m'nthano ya ku Britain amene mthunzi wake udachoka pa thupi lake. Palibe muyeso umodzi woyenera malo onse, choncho wokonza gemu amakhalira kusinthasintha nambalayi, kufuna pomwe ziphuphu zatha koma mthunzi sunathawe.

Kubisa makona

Funso lachitatu ndilo mtima wa nkhaniyi, ndipo ntchito yoliyankha imatchedwa shading. Maziko ake ndi akale kuposa kompyuta. M'chaka cha 1760 Johann Heinrich Lambert adalongosola kuti kuwala kwa malo kumadalira mbali yomwe malowo ayang'ana. Malo oyang'anizana ndi dzuwa mwachindunji amalandira kuwala konse, pamene opendekeka ndi madigiri 60 amalandira theka. Aliyense amene adaonapo denga la malata m'mawa, mbali imodzi ikuwala ina ili yoderapo, amalidziwa lamuloli.

Njira yofulumira kwambiri ndi yopatsa thirayango iliyonse mtundu umodzi malinga ndi komwe yayang'ana. Zikatero mpira umaoneka ngati wasemedwa ndi mpeni, makona ali mbwee. Diso lenilenilo limawonjezera vutoli. Ernst Mach, katswiri wa sayansi wa ku Austria, adasonyeza m'chaka cha 1865 kuti pomwe mitundu iwiri yosiyana pang'ono yakumana, diso limaona mzere wowala kapena wakuda womwe palibe. Choncho ngakhale mathirayango achuluke, malire ake amaonekabe.

Henri Gouraud wa ku France, yemwenso ankaphunzira ku Utah, adapereka yankho m'chaka cha 1971. Adati kuwala kuwerengeredwe pa ngodya zitatu zokha, ndipo pakati pake mitundu isakanizidwe pang'onopang'ono. Chimodzi mwa zinthu zoyamba zomwe adayeserapo chidali nkhope ya mkazi wake, yomwe adaijambula mizere kuti apeze miyeso. Makona adabisika, koma padabuka vuto lina. Kunyezimira kwakung'ono, konga kwa pa mphuno ya munthu wotuluka thukuta, kukagwera pakati pa thirayango osati pa ngodya, kompyuta simakuona konse. Chinthu chikamatembenuka, kunyezimirako kumaoneka, n'kusowa, n'kuonekanso.

Bui Tuong Phong, wobadwira ku Vietnam, adakonza zimenezi m'kafukufuku wake wa m'chaka cha 1973 pa sukulu yomweyo. M'malo mosakaniza mitundu, iye adati kompyuta iyerekeze mbali yomwe malo akadayang'ana akadakhala obulungiradi, ndipo iwerengere kuwala pa kadontho kalikonse. Phong adamwalira m'chaka cha 1975, chaka chomwe zolemba zake zidasindikizidwa, koma dzina lake likupezekabe m'mapulogalamu ojambulira mpaka lero. Njira yake inkafuna masamu ambiri, mwakuti magemu adayamba kuigwiritsa ntchito mofala patapita zaka zoposa 25.

Njira ya Phong ndi bodza lokonzedwa bwino. Kuwala kumanena kuti chinthucho n'chobulungira, pamene thupi lake lenileni likadali la makona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bodzali limagwidwa m'malo awiri. Oyamba ndi m'mphepete mwa chinthu, momwe makona amaonekabe ngakhale pakati pasalale. Achiwiri ndi pa malire a kuwala ndi mdima. Pamenepo shading imati malowo akulandirabe kuwala pang'ono, koma mthunzi, womwe umawerengeredwa pa mathirayango enieni, umati atchingidwa kale. Mayankho awiriwa akasemphana, pa tsaya kapena pa phewa pamaoneka mzere wakuda wokhotakhota ngati masitepe.

Ophunzira ntchitoyi pa pulogalamu yaulere ya Blender amakumana msanga ndi vuto lina la banja lomweli. Thirayango iliyonse ili ndi kumaso ndi kumbuyo. Ina ikatembenuzika mwangozi, kompyuta imaganiza kuti yafulatira nyali, ndipo pa chinthu chosalala pamaoneka banga lakuda. M'magemu ambiri kumbuyo kwa thirayango sikujambulidwa n'komwe pofuna kusunga nthawi, choncho pamalopo pamangokhala chibowo.

Ziphaniphani za m'makanema

Opanga makanema sali pa liwiro ngati opanga magemu. Chithunzi chimodzi chitha kutenga maola, ngakhale woonera adzachione kwa kanthawi kochepa zedi, popeza filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi. Toy Story ya m'chaka cha 1995, filimu yaitali yoyamba kupangidwa yonse pakompyuta, idali ndi zithunzi zoposa 110,000.

M'chaka cha 1986 James Kajiya wa ku California Institute of Technology adalemba samu imodzi yofotokoza mmene kuwala kumayendera, kugunda chinthu, kunjanja, ndi kugundanso china. Adaperekanso njira yoyerekezera yankho lake, yotchedwa path tracing, yomwe makampani akuluakulu a makanema akuigwiritsa ntchito tsopano. Kuchokera pa kadontho kalikonse kompyuta imaponya mizere yambiri yongoganizira, iliyonse n'kutsata njira yosankhidwa mwamaere mpaka itapeza nyali kapena kutayika. Mtundu wa kadontho ndi chapakatikati cha mayankho onsewo.

Mizere ikachepa, chithunzi chimaoneka ngati chawazidwa mchenga. Kuti mchengawo uchepe ndi theka, pamafunika kuchulukitsa mizere kanayi, ndipo nthawi ndi magetsi zimakweranso kanayi. Nthawi zina mzere umodzi umanjanja pa galasi kapena pa chitsulo n'kulowa mwangozi m'nyali yowala kwambiri. Yankho lake lalikulu limameza ena onse, ndipo pamalo a mdima pamatuluka kadontho koyera kowala kokha. Timadontho timeneti timatchedwa fireflies, ndiye kuti ziphaniphani. Akatswiri amatiletsa poika malire pa kuwala komwe mzere umodzi ungabweretse, koma potero chithunzi chimataya kuwala kwina kwenikweni. Ena amagwiritsa ntchito mapulogalamu osalaza mchenga uja, omwe nthawi zina amafufutanso timakwinya ta khungu ndi ulusi wa nsalu.

Khungu la ndani?

Zolakwika zonse zomwe zatchulidwazi zimachokera ku kuchepa kwa nthawi ndi kwa manambala. Pali china chomwe chimachokera ku zomwe akatswiri adasankha kuyeza.

Kwa zaka zambiri anthu a pakompyuta ankaoneka ngati zidole za pulasitiki, chifukwa masamu ake ankaganiza kuti kuwala kumangonjanja pamwamba pa khungu. Zoona zake n'zakuti kwina kumalowa m'kati, kumwazikana, n'kutulukira pena. Munthu akaika tochi kuseri kwa zala zake mumdima amaona kufiira komwe kumatsimikiza zimenezi. M'chaka cha 2001 Henrik Wann Jensen ndi anzake a pa Stanford University adasindikiza njira yowerengera kuwala kotereku, yomwe imathandizanso kujambula zinthu monga mkaka ndi mwala wa mabo. Luso limeneli lidaoneka pa khungu la Gollum m'filimu ya The Lord of the Rings: The Two Towers ya m'chaka cha 2002, ndipo posakhalitsa lidasanduka muyeso wa khungu looneka lamoyo.

M'chaka cha 2020 Theodore Kim, mphunzitsi wa pa Yale University yemwe kale adagwira ntchito ku Pixar, adalemba m'magazini ya Scientific American kuti muyesowu udamangidwa pa khungu loyera. Pa khungu lotero, kuwala kolowa m'kati n'kutulukanso ndiko kumalamulira maonekedwe. Khungu lakuda lili ndi melanin wambiri, yemwe amameza gawo lalikulu la kuwala kolowa m'kati. Chomwe chimapatsa nkhope yakuda maonekedwe ake makamaka ndi kunyezimira kwa pamwamba, pa chipumi, pa masaya ndi pa mphuno. Wojambula akangotenga masamu a khungu loyera n'kudetsa mtundu wake, munthu wake amaoneka wotuwa mbuu, ngati wasamba osadzola mafuta, kapena nkhope yake imasowa m'malo a mdima.

Makampani ena adayamba kuchitapo kanthu. Popanga filimu ya Soul, yomwe idatuluka mu December 2020 ndipo ndi yoyamba ya Pixar kukhala ndi munthu wakuda ngati mwini nkhani, kampaniyo idapempha upangiri kwa Bradford Young, katswiri wojambula makanema wa ku America wodziwika ndi luso lounikira khungu lakuda.

Kusiyana kwa zolakwika ziwirizi n'koyenera kukuganizira. Nkhope yosowa ya m'gemu ya ku Paris idakonzedwa msanga, chifukwa aliyense woiona ankadziwa kuti china chake chalakwika, ndipo kampani idaona mbiri yake ikuonongeka. Khungu lotuwa lidakhala zaka zambiri osatchedwa cholakwika, chifukwa kompyuta inkawerengera molondola samu yomwe idapatsidwa, ndipo ambiri mwa omwe ankavomereza zithunzizo sankaona chachilendo. Kompyuta yamphamvu kwambiri imachepetsa ziphuphu za mthunzi ndi ziphaniphani. Koma kuti nkhope ya osewera mpira wa ku Africa ioneke pa sikirini monga imaonekera pa bwalo masana, pamafunika kuti wina ayambe wayeza khungu lotero, ndiponso kuti pakati pa oyang'ana chithunzicho chisanatuluke pakhale amene amalidziwa.